Tiyi wa moto pa Msika wa Lundazi

M'mawa pamsika pano tiyi timamwa akadali moto, mpaka lilime kuchita dzanzi. Kafukufuku wa ESCCAPE ku Malawi ndi Tanzania anapeza kuti zakumwa zotentha kwambiri zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya kummero. Kachasu ndi fodya nazonso, musanene. Chimene chikundidabwitsa n'chakuti maselo a khansayi amatumizirana mauthenga oti "gawikanani, falikirani," kudzera m'mapuloteni ngati EGFR, ndipo asayansi akufunafuna mankhwala odula mauthengawo. Zabwino zimenezo. Koma kwathu kuno ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka nsima italeka kale kutsika, phala nalonso likuvuta. Amalume, kumeza kukavuta milungu ingapo, kayezetseni msanga.