Majombo Amene Ndinawasunga

Ine ndinabadwira ku Senga Bay, m'mbali mwa nyanja, m'boma la Salima. Atate anga anali msodzi wa usipa. Ife ana a asodzi timakula tikuyenda pa mchenga wotentha opanda nsapato, kotero kuti mapazi athu amalimba ngati chikopa cha ng'ombe. Ine ndinali kunyadira mapazi angawo.

M'chaka cha 2016 ndinalembedwa ntchito pamalo pamene anali kumanga nyumba yogona alendo. Tsiku loyamba kapitawo anandipatsa chipewa cholimba, magolovesi ndi majombo a mphira. Majombowo anali okongola ndithu. Ndinati mumtima mwanga, "Ndiwaonongerenji mu simenti? Ndidzawavala dzinja polima mpunga." Tsono ndinakawabisa kunsi kwa kama. Kapitawo atandifunsa, ndinanama kuti akundithina. Sindinali ndekha wochita zotere, pakuti mwezi wa Okutobala dzuwa la ku Salima limaswa mtengo, ndipo mphira imawotcha mapazi.

Linafika tsiku lothira konkire pansi pa nyumbayo. Konkire ndiyo simenti yosakaniza ndi mchenga, miyala ndi madzi. Ntchito yanga inali kuyisalaza ndi fosholo anzanga akaikhuthula m'wilibala. Ndinaima m'menemo kuyambira mamawa kufikira dzuwa litapendeka. Inali yozizira bwino kumapazi.

Mmisiri wina wachikulire anandiona nati, "Mwana wanga, tuluka m'menemo ukasambe."

Ine ndinaseka, ndinati, "Bambo, mapazi awa ndi a kunyanja."

Iwo anangopukusa mutu.

Usiku mapazi anayamba kuyabwa, kenaka kutentha ngati wina wawapaka tsabola. Kutacha, khungu la m'akakolo ndi pakati pa zala linali litasupuka. Mkazi wanga anaitana wa kabaza, napita nane kuchipatala.

Kumeneko namwino anandifotokozera zimene ndifuna kuti inunso, anzanga owerenga, muzidziwe. Simenti imapangidwa ndi miyala ya laimu yowotchedwa m'ng'anjo. Ikakumana ndi madzi imakhala yaukali monga soda wopangira sopo, ndipo imadya khungu pang'onopang'ono. Moto ukakuwotcha umalumpha pomwepo. Simenti siichenjeza. Ululu umabwera patapita maola, chilonda chitalowa kale. Ngakhale wovala majombo ayenera kusamala, chifukwa konkire ikagwera m'kati mwa jombo imakhala pakhungu tsiku lonse. Nchifukwa chake buluku liyenera kukhala kunja, kuphimba kukamwa kwa jombo. Simenti ikakukhudzani, mankhwala ake oyamba ndi madzi ambiri oyera, kutsuka msanga ndiponso nthawi yaitali. Ikalowa m'maso, chitani chimodzimodzi, ndipo thamangirani kuchipatala.

Pamenepo ndinachita manyazi. Nyanja yonse ya Malawi inali pafupi pomwepo, mwakuti tinali kumva mafunde ake tili pa ntchito, koma ine sindinapite kukaviikamo phazi.

Pambuyo pake ndinamva kuti mu 1997 boma linaika lamulo la chitetezo pa ntchito, lolamula wolemba anthu ntchito zoopsa kuwapatsa zovala zodzitetezera. Alipo mabwana amene sapereka, ndipo ameneyo ndi mlandu wokanena ku ofesi ya leba. Koma ine ndikanasumira yani? Zanga anandipatsa m'manja.

Ndinakhala pakhonde masabata asanu ndi limodzi, mapazi ali m'mabandeji. Malo anga anatenga wina. Ndalama zimene tinasungira feteleza zinathera pa ufa ndi pa ulendo wa kuchipatala. Mvula itagwa, khungu latsopano linali likadali lanthete, ndipo kumunda anali kupita yekha mkazi wanga, mwana ali kumbuyo.

Tsiku lina ndinam'pempha kuti anditulutsire majombo aja, kuti mwina avale iye. Anagwada nawakoka kunsi kwa kama. Limodzi linali likadali latsopano. Linzake makoswe anali atalibowola kuchala.