Kalata yochokera ku Kigali

Mphwanga wokondedwa,

Ine kuno ndili bwino, kaya inu ku Phalula ndi dzuwa lakwathu lija. Mzinda wa Kigali uli pa mapiri okhaokha. Ukangotuluka m'nyumba ndiye kuti wayamba chikweza kapena chitsikiro, ndipo ambiri timayenda pa njinga zamoto, aliyense atavala chipewa choteteza kumutu. Loweruka lomaliza la mwezi m'mawa mashopu amakhala otseka, anthu ali ku ntchito ya chitukuko yotchedwa Umuganda.

Mayi ako andiuza kuti kampani ina yakuitana ku intavyu ya internship yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo tulo sukutiona chifukwa choloweza mayankho. Leka kuloweza, tamvera zimene ndaona kuno.

Mumzinda uno muli sukulu ya Carnegie Mellon University Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 2011, ndipo kumabwera achinyamata a m'mayiko ambiri a mu Africa. Ena mwa iwo ndimacheza nawo. Akamakonzekera intavyu amakhala awiriawiri: wina afunsa, mnzake aimirira pa bolodi n'kumafotokoza mokweza chilichonse chimene chikuyenda m'mutu mwake. Apa ndi pamene ndikukudera nkhawa. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa akulu uziweramitsa mutu, osachulutsa mafunso. Ulemu umenewo ndi wabwino, usautaye. Koma wokufunsayo ali ndi mphindi 45 kapena ola limodzi basi, ndipo chimene akufuna ndi kumva mmene umaganizira. Ukakhala duu, iye aziti wasokonezeka, pamene yankho uli nalo.

Tenga funso lotchuka ili: wapatsidwa mndandanda wa manambala, peza awiri amene ukawaphatikiza akupereka nambala inayake. Usathamangire kulemba. Yamba wafunsa: kodi mndandandawo ungakhale wopanda kanthu? Muli manambala obwereza? Ukatero nena njira yapafupi, yoyesa nambala iliyonse ndi inzake iliyonse, ndipo uvomereze wekha kuti ndi yochedwa: manambala 1,000 afuna kuyesa pafupifupi ka 500,000. Kenaka bweretsa hash map. Imeneyi ili ngati buku la ngongole la pa golosale, momwe aliyense ali ndi tsamba lake, moti mwini golosale sawerenga buku lonse pofuna dzina limodzi. Nambala iliyonse imene wadutsa uziisunga mmenemo, n'kumayang'ana ngati inzake yoikwaniritsa ilimo kale. Mndandanda wonse waudutsa kamodzi kokha. Ukamaliza kulemba, yesa code yakoyo ndi manambala atatu kapena anayi, uku ukuyankhulabe. Ukapeza cholakwika wekha, wofunsayo amasangalala.

Ndikudziwa kuti ngakhale siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya ili pafupi, m'nyumba mwathu mudakali tochi, ndipo bandulo ndi yodula. Zisakufooketse. Tsiku limene wagula bandulo, lowa pa LeetCode kapena HackerRank, ukopere mafunso angapo m'kope, ukawayankhe ndi pensulo pansi pa mlambe. Pepala silikukonzera zolakwika monga imachitira kompyuta, n'chifukwa chake limanola mutu. Mnzako wina kusukulu akakhala ndi buku la Gayle Laakmann McDowell lotchedwa Cracking the Coding Interview, lija la mafunso 189, umubwereke. Gwira chiyankhulo chimodzi cha kompyuta, Python ndi yokwanira, ndipo udziwe bwino arrays, strings, recursion ndi binary search, imene imapeza chinthu pakati pa zinthu 1,000,000 zosanjidwa bwino itangoyang'ana ka 20.

Adzakufunsanso chimene unapangapo ndi manja ako. Kapulogalamu kowerengera ndalama za banki m'khonde kamene unawapangira amayi a gululo ukaike pa GitHub, ndipo ukafotokoze mopanda manyazi. Ndi ntchito yeniyeni, yothandiza anthu enieni.

Ngati intavyuyo ndi ya pa intaneti, pita ku Balaka kapena ku Blantyre dzulo lake, upeze malo achete a netiweki yamphamvu, laputopu itadzaza moto. Ufunsenso za nthawi: Kigali ndi Johannesburg ali pa nthawi yofanana ndi ya ku Malawi, Nairobi ali patsogolo ndi ola, Lagos ali m'mbuyo ndi ola.

Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi ndidzakuimbira pa WhatsApp. Ine ndidzakhala wofunsa, iwe ukonzeretu kope ndi pensulo. Undiperekere moni kwa agogo ndi onse pakhomopo.

Ndine,
Malume ako