Kodi Cikole Canu N'ciani?

Acinyamata anzanga, kodi munalowapo m'banki mutavala jekete yobwereka? Ine ndinatero mu 2019. Ndinacoka kumudzi kwathu kufupi ndi Katete kupita ku Chipata, nditanyamula cithunzi ca makina oswera nshawa amene ndinapanga ndi mgolo wakale ndi cheni ya njinga. Mukudziwa mmene amai athu amavutikira kuswa nshawa ndi manja mpaka zala kucita matuza. Makina angawo anali kutsiriza thumba lonse munthu asanatope. Ndinali kufuna K8,000 kuti ndipange ena atatu, ndizibwereketsa m'midzi.

Bambo wa m'bankimo anandilandira mwaulemu, nayamikira nzeru yanga. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga cikole canu n'ciani?" Ndinachula munda wa atate. Anapukusa mutu. Munda wathu uli m'malo a mfumu ndipo ulibe pepala la umwini, conco banki singaugulitse ngati ndalephera kubweza. Pamenepa m'pamene ambiri a kumidzi timagwera. Lamulo la 2016 limalola kupereka ng'ombe kapena makina ngati cikole, n'kuzilembetsa ku PACRA, koma ife ng'ombe tinalibe, ndipo mgolo wadzimbiri ndani angauwerengere mtengo?

Pobwerera ndinatsala pang'ono kutenga kaloba. Ndinaleka nditawerengera: K100 ikhala K150 mwezi ukatha, pamene nshawa timakolola kamodzi pacaka.

Amene anandikongoza ndi amai a pachalichi pathu, a gulu la SILC, njira yosunga ndi kukongozana ndalama imene bungwe la Catholic Relief Services linafalitsa. Ndiulule, kale ndinali kuwaseka ndi kabokosi kao ka maloko atatu. Nditalowa n'kusunga nao miyezi ingapo, anandipatsa K900. Cikole sanafunse, popeza anandiona ndikukula ndipo khomo la amai anga analidziwa. Koma amai osunga cuma anandiuza kuti, "Mwanawe, gula kabuku. Ngwee iliyonse yolowa ndi yotuluka uzilemba, ndipo ndiziona mwezi ndi mwezi." Ndinanyinyirika, koma ndinalemba.

Sindikunamizani kuti kabokosi kamatha zonse. Ciwongoladzanja cathu cinali K10 pa K100 iliyonse pamwezi, cokwera ndithu, ngakhale kuti cimabwerera kwa ife tomwe pogawana. Ndalama zake n'zocepa, cigayo simungagule nazo. Mu Novembala aliyense afuna feteleza, bokosi n'kuuma. Wofuna kuyamba cinthu cacilendo, cosabweza msanga, amapanikizika kwambiri.

Mu 2022 boma linakweza CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo gawo lina linali la nkhongole ndi thandizo kwa acinyamata ndi amai. Tinagwirizana anyamata ndi atsikana khumi a kwaya, tinalembetsa gulu lathu, n'kupereka mafomu kudzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Pofunsidwa mmene malonda ayendera, anzathu ena anangolonjeza pakamwa. Ife tinatsegula kabuku kaja: zaka zitatu, matumba amene tinaswa, nkhongole zinai zobwezedwa pa nthawi yake.

Tinadikira miyezi yambiri, ndipo tinalandira zocepa kuposa zimene tinapempha. Lero makina alipo anai. Kabuku koyamba kanadzaza, ndili pa kacitatu, ndipo amai aja sanaleke kukaitanitsa Sondo yoyamba ya mwezi tikangotuluka m'mapemphero.