Chikuni cha Minolta

Anzanga ojambula zithunzi samvana pa nkhani imodzi. Kodi sikana ya mafilimu, makina aja otembenuza manegativi kukhala zithunzi za pa kompyuta, tiziisiya ikuyaka usana ndi usiku, kapena tiziizimitsa? Ena ati kuyatsayatsa n'kumene kumapha makina. Nzeru imeneyi ndi ya agogo athu, amene ankakwirira chikuni m'phulusa kuti m'mawa asakapale moto kwa eni.

Sindikuwatsutsa kotheratu ayi. Yanga ndi Minolta Dimage Scan Dual, ndipo m'mimba mwake muli kanyale ka fluorescent, kachubu kowonda zedi. Kakangoyatsidwa sikawala mokhazikika, kamayamba katenthedwa. Ukachita phuma, pa zithunzi 6 za kachidutswa kamodzi ka filimu, choyamba ndi chomaliza zimasiyana mtundu ngati ana a mitala.

Komatu chikuni chimanyeka, ndipo agogo anali ndi nkhalango. Ine nkhalango ndilibe. Kampani ya Konica Minolta idasiya malonda a makamera ndi zithunzi mu 2006. Kanyale kangaka kamazilala pang'onopang'ono ola lililonse limene kakuyaka, kaya muli filimu kaya mulibe, ndipo kakadzafa palibe sitolo ku Limbe kapena ku London yomwe ingandigulitse katsopano ka kufakitale. Eni ma Nikon Coolscan, omwe amawala ndi LED, nkhawa iyi alibe kwenikweni, ngakhale nawonso adaleka kupangidwa. Nanga magetsi athuwa, inu awerengi, si mukuwadziwa? Akathima amabwerako ndi ukali. Dzinja likafika, mphenzi nayo siodira.

Mwina mukuti ndikukokomeza za kachubu chabe. Pansi pa bedi langa pali katoni ya manegativi a malemu malume anga, amene ankajambula anthu m'makwalala a Blantyre. M'menemo muli mizere ya anthu pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, amayi ana kumbuyo, madoda atavala majekete a ku tchalitchi. Zambiri malume sadazitsukitse, ndalama inkavuta. Nkhope zimenezi khomo lotulukira n'limodzi, kanyale komweka.

Tsono ine ndimayatsa Loweruka lokha. Ndimateleka tiyi kuti katenthedwe, n'kugwira ntchito mpaka maso atalema. Ndikatero ndimazimitsa, kuzula pulagi, n'kufunditsa makinawo chitenje kuopa fumbi. Za referendamu ndamaliza. Za chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zikadali m'katoni, mafilimu ake sindidawamasule n'komwe.