Ku Chawe, Liwonde ndi Chilwa Tsiku Limodzi: Kodi Mwana Wapamsana Apindulapo?

Ife a kwa Malemia tinakhala pabwino. Kumadzulo kwathu kuli mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo pakati pawo pali chigwa chomwe mtsinje wa Domasi umatsikiramo. Tikautsata mtsinjewo cha kum'mawa, ukatifikitsa ku nyanja ya Chilwa. Tikakwera minibasi pa Domasi kapena pa Songani kulowera kumpoto mu msewu wa M3, tidutsa pa Malosa ndi pa Machinga n'kukatsikira ku Liwonde, kumene kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango ya nyama. Alendo amalipira ndege kuchokera kutali kudzaona malo amenewa, pamene ife tili nawo pakhomo.

Kuyandikana kwa malowa n'kumene kumatikopa. Tsiku la Anakubala likamayandikira pa 15 Okutobala, kapena sukulu zikatsekera mu Disembala, m'mipingo ndi m'magulu a amayi mumamveka mawu akuti: "Tiyeni tisonkhe, tichite hayala minibasi. M'mawa ku Chawe, masana ku Liwonde, nthawi ikalola tikaonenso nyanja." Mtengo amautchula umodzi, wophatikiza mafuta ndi zolipira pa zipata zonse. Ukauwerengera pa malo atatu umaoneka wotsika. Funso limene amayi amatifunsa ife othandiza pa zaumoyo mu mpingo ndi lakuti, kodi ulendo wotere ndi woyenera ndalama zake kwa banja lomwe lili ndi mwana wa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu? Yankho lathu n'lakuti ayi. Mwana wa msinkhu umenewu malo amodzi pa tsiku amukwanira.

Funsoli si lathu lokha

Makolo a mayiko ena amalimbana ndi funso lomweli. Ku Orlando m'dziko la United States, kampani ya Disney ili ndi mapaki anayi a zosangalatsa: Magic Kingdom yomwe inatsegulidwa mu 1971, EPCOT ya mu 1982, Hollywood Studios ya mu 1989 ndi Animal Kingdom ya mu 1998. Tikiti wamba amakulowetsa m'paki imodzi pa tsiku. Ukawonjezera ndalama umagula tikiti yotchedwa Park Hopper, yokulola kuchoka m'paki ina kupita m'paki ina tsiku lomwelo. Mwana wosakwana zaka 3 amalowa ulere, koma makolo ake amalipira ndalama yowonjezerayo, ndipo mwana akagona masana kapena akayamba kuvuta, paki yachiwiriyo saifikanso.

Abale athu a ku Joni amadziwa njira ina. Ku South Africa kuli khadi yotchedwa Wild Card, yomwe imalowetsa banja m'nkhalango zambiri za nyama kwa chaka chathunthu. Kusiyana kwa matikiti awiriwa n'kumene kwatiphunzitsa kanthu. Ina imaunjika malo ambiri m'tsiku limodzi, ina imawamwaza m'miyezi 12. Banja la mwana wamng'ono limapindula ndi yachiwiriyi. Kuno kwathu khadi yotere sitiifuna n'komwe, chifukwa malowo sachoka. Tingathe kuwamwaza tokha.

Tiyeni tiwerenge maola

Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka 5. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Wa zaka 3 kapena 4 amafunika maola 10 mpaka 13. Onsewa amafunika kuyenda, kuthamanga ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku. Malangizowo amanenanso kuti mwana asamangidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, kaya ndi pampando kaya ndi kumbuyo kwa mayi ake.

Tsopano tiyeze ulendo wathu uja. Kuchoka ku Domasi kukafika mu Zomba, kenako kukwera msewu wokhotakhota wa ku Chawe, latha ola kapena kuposerapo, osawerengera nthawi yodikirana pa siteji. Kutsika phirilo, kudutsanso kwathu konkuno ndi kukafika ku Liwonde, womwe ndi mtunda wa makilomita oposa 50 kuchokera mu Zomba, ndi ola lina ndi theka. M'nkhalango ya Liwonde munthu satsika m'galimoto mwachisawawa, choncho maola awiri kapena atatu oonera nyama ndi okhala pansi ndithu. Tiwonjezerepo ulendo wobwerera. Mwana uja wakhala pamiyendo ya mayi ake m'minibasi yodzaza kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi, tulo take ta masana tadukizidwa, ndipo nthawi yothamanga waipeza pang'ono chabe. Za ku Kachulu, doko la ku Chilwa, sitinaziwerengere n'komwe, poti kumeneko ndi njira ina yosiyana, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu Zomba.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Gulu limachoka ku Chawe ana asanakhutire, kuti likafike ku Liwonde nthawi ilipo. Likafika dzuwa lili paliwombo, nyama zambiri zitabisala m'mithunzi, ana atatopa, amayi akungosinthana mawu akuti "tatonthola". Ndalama yalipidwa ya malo atatu, koma palibe malo amene aonedwa bwino.

Chimene mwana amaona

Nkhalango ya Liwonde ndi chuma cha dziko lathu. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira mu 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Anaizungulira ndi mpanda wa magetsi, anabwezeretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, ndipo njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota ndi ku Kasungu. Mmalawi amalipira zochepa pa chipata poyerekeza ndi mlendo wakunja. Mwana wa sitandade 4 akamva zimenezi maso amayera, ndipo akabwerako amasimba kwa mwezi wathunthu.

Wa zaka ziwiri ndi wosiyana. Njovu yoima patali kwa iye ndi chulu basi. Mvuu yongotulutsa makutu m'madzi saiona n'komwe, ngakhale muloze chotani. Chimene chimamukondweretsa ndi chimene angachigwire: mwala wosalala, tsamba, madzi oyenderera, kapena pusi wodumpha pafupi. Ndipo ife tonse tikadzifunsa, palibe amene amakumbukira bwino zimene anaona asanakwane zaka 3. Tikiti ya malo atatu timagulira maso a akuluakulu, mwana amangonyamulidwa.

Izi sizitanthauza kuti mwana azingokhala pakhomo. Mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, kuthamanga ndi kuseka pamodzi ndi makolo ake zimamanga thupi ndi nzeru zake, kaya adzakumbukira kaya ayi. Koma zonsezi zimafuna nthawi ndi malo oti aponde pansi.

Malo alionse ali ndi zosamala zake

Ku Liwonde n'kotsika, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri kuposa kwathu kuno. Mwana amatha madzi m'thupi msanga kuposa wamkulu. Akamakodza pang'ono, milomo ikauma, maso akalowa m'kati, kapena liwombo la khanda likalowa, imeneyo ndi ngozi. M'tchire muli akashembe oluma mopweteka, ndipo gulu likachedwa mpaka madzulo m'mbali mwa Shire limakumana ndi udzudzu wa malungo.

Ku Chawe n'kokwera mamita ambiri, nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, chifunga chimagwa mwadzidzidzi. Miyala ya pa mathithi a Williams ndi yoterera, damu la Mulunguzi n'lakuya, ndipo pa dzenje la Chingwe pali phompho pafupi pomwepo. Mwana woyamba kumene kuyenda amafuna munthu wake wake womugwira dzanja.

Ku Chilwa madzi ake sapita kwina kulikonse, ndi osaya, ndipo muli nkhono zofalitsa likodzo. Kolera yakhala ikuvuta kumeneko zaka zambiri. Mwana akaona madzi amafuna kulowamo, ndipo chilichonse chimene wagwira chimathera m'kamwa.

Chilichonse mwa izi mayi watcheru angathe kuchipewa. Chovuta n'kukonzekera zonse zitatu pa tsiku limodzi: juzi ya m'mawa, chipewa cha masana, madzi okwanira tsiku lonse, matewera, ndi maso osaphethira pamene iye mwini watopa. Ngozi za ana zingachitike mosavuta pamene wowayang'anira watopa.

Koma hayala n'njodula

Ena amatiyankha kuti: "Amayi, ndalama yaikulu ndi ya galimoto. Mwayi wotere umabwera kamodzi pa chaka, mwinanso pa zaka zingapo. Bwanji tisaoneretu zonse?" Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitiwanyoza. Mafuta akwera mtengo, ndipo mu Okutobala ndi mmene banja likusakasaka ndalama ya feteleza ndi mbewu. N'chifukwa chake tikuti ndalamayo igule chinthu chimene banja lidzachigwiritsadi ntchito.

Njira yoyamba n'kupempha okonza ulendo kuti atchule mtengo wa malo alionse paokha. Mukaona kuti mbali yaikulu ya chosonkhacho ikupita ku mafuta a ku Liwonde ndi pa chipata chake, mudzadziwa chimene mukulipirira mwana wogona.

Njira yachiwiri n'kuchita hayala galimoto ya ku Chawe kokha, n'kugawa gulu pamwamba pomwepo. Amayi a ana aang'ono ayale mphasa pamthunzi, patali ndi madzi a damu, ana azitola zibalobalo za paini, adye, agone. Galimoto itenge achinyamata ndi abambo kukaona Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi Queen's View, pomwe anafika mayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Kukakhala kopanda chifunga, kuchokera pamenepo munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje osalipira kanthu kena. Aliyense wapeza chake, mafuta ndi a ulendo umodzi.

Njira yachitatu siifuna hayala n'komwe. Munda wa zomera wa Botanic mu Zomba, womwe unayambitsidwa ndi Alexander Whyte mu 1891, uli ndi kapinga, mithunzi ya mitengo ikuluikulu ndi mtsinje wa Mulunguzi wodutsa pakati. Minibasi wamba ikufikitsani mu tauni. Kufupi ndi Malosa kuli mtengo wa Chilema, womwe nthambi zake zimapindikapindika n'kuzikanso mizu pansi, ndipo ana amakonda kubisalirana m'menemo. Malo onse awiriwa mungapite m'mawa n'kubwerako mwana asanayambe kusinza. Maulendo olipira otere timawaika pa Lamulungu kapena pa holide. Pa Sabata masana, kuyenda pang'ono ndi ana m'mbali mwa munda, kuwaonetsa mbalame ndi phiri la Malosa, sikufuna tikiti.

Nanga ulendo wa malo angapo ndi wa yani? Ndi wa ana a Pathfinder ndi achinyamata, amene angapirire njala pang'ono ndi kukhala pansi nthawi yaitali. Ndi wabwinonso kwa makolo amene agogo kapena azakhali avomera kutsala ndi mwana wosiya kuyamwa. Achibale obwera kuchokera ku Joni ndi masiku ochepa angathe kugawa: lero ku Chawe ndi ana onse, mawa ku Liwonde akuluakulu okha.

Zoika m'chikwama

Kulikonse kumene mwasankha, nyamukani m'mamawa ndipo mubwerere dzuwa lisanalowe. Tengani madzi owiritsa kapena othira WaterGuard ochuluka kuposa mmene mukuganizira, sopo, ndi mapaketi a Thanzi ORS. Mwana woyamwa ayamwe pafupipafupi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'fulasiki, mbatata yophika ndi nthochi zimaposa zakumwa za shuga ndi tokazingakazinga ta m'njira. Mtedza wathunthu musapatse mwana wamng'ono, ungamutsamwe, makamaka m'galimoto yogwedezeka. Masitiroberi ndi mabulosi amene amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Chawe ndi okoma, koma muyambe mwawatsuka ndi madzi anu. Musaiwale buku la kusikelo. Dziwiranitu chipatala chapafupi: cha Zomba Central mukakhala ku Chawe kapena mu tauni, cha St Luke's mukakhala ku Malosa, ndi cha boma cha Machinga mukakhala ku Liwonde. Mwana akatentha thupi masiku otsatira ulendo, mukamuyezetse malungo tsiku lomwelo.

Choncho chikalata chosonkhera chikafika m'manja mwanu, inu mayi ndi bambo khalani pansi mufunsane zinthu zitatu: mwana wathu akhala maola angati m'galimoto, agona kuti masana, ndipo athamanga pati? Ngati mayankho ake sakukukhutiritsani, sankhani malo amodzi. Chaka chino ku Botanic kapena ku Chilema, chaka chamawa ku Chawe. Ku Liwonde mudzapite mwanayo atayamba sukulu, pamene adzathe kuloza njovu yekha n'kukufunsani chifukwa chake ili ndi chitamba. Ndalama yotsalayo iwonjezere pa thumba la feteleza.