Ukamaliza Undipatse

M'zaka za m'ma 1980, pa sukulu ya sekondale yogonera komweko imene ndidaphunzirako, novelo inkakhala ndi mwini wake tsiku limodzi lokha. Kaya mwiniyo adaigula ku Malawi Book Service ndi ndalama ya m'thumba, kaya adaizembetsa m'chipinda cha achemwali ake pa holide, akangoitulutsa m'sutikesi basi yapita. "Aise, ukamaliza undipatse," mawu ankachokera ku mabedi onse, ndipo pofika madzulo kuseri kwa chikuto kunkakhala kutadzaza maina a anthu odikira. Aliyense ankapatsidwa usiku umodzi kapena uwiri. Wowerenga mokoka ankalandidwa buku nkhani ili pakati, ndipo palibe ankamumvera chisoni.

Buku likatchuka kwambiri tinkaling'amba pamsana n'kuligawa zigawo zitatu, kuti woyamba akamalowa m'chigawo chachiwiri, wotsatira akhale atayamba kale choyambacho. Amene ankazunzika kwambiri motere anali James Hadley Chase. Zikuto za mabuku ake zinkakhala ndi akazi ovala mosakwanira, ena atagwira mfuti, choncho ntchito yoyamba inali kusadabula chikutocho kapena kuchikuta ndi pepala la thumba la simenti. Kachigawo kopyapyala kaja kankalowa bwinobwino m'kati mwa buku la sayansi, moti mphunzitsi woyendera pa nthawi yowerenga madzulo ankangoona ana akhama, mitu ili pansi. Kwa atsikana kunkayenda Mills & Boon ndi Danielle Steel. Sidney Sheldon ankadutsa mbali zonse ziwiri, ndipo zibwenzi zingapo zidayambira pobwerekana If Tomorrow Comes. Kunalinso timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977, tokwana m'thumba la malaya, tonena za anthu akuda anzathu a ku Lagos ndi Nairobi: Evbu My Love, For Mbatha and Rabeka, komanso Truth Will Out ka Dede Kamkondo, wakwathu konkuno.

Vuto la buku loyenda m'manja ambiri ndi lakuti masamba omalizira ndiwo amayamba kuthothoka. Ena ankatayika okha, ena ankapita kwa alonda kukapichirira fodya wa chingambwe. Tangoganizani, mwagona mochedwa mukuwerengera pansi pa getsi la pakhonde, udzudzu ukukudyani, wapolisi watsala pang'ono kutchula amene adapha, ndiye pamenepo buku lathera m'malere! Zikatero tinkafuna munthu amene adaliwerenga lisanaduke.

Tinali naye mmodzi, mnyamata wa ku Mulanje, wochepa thupi, wosachita bwino kwenikweni m'kalasi. Magetsi akazima m'hositelo ankakhala tsonga pabedi lake lapamwamba n'kuyamba kulongosola. Sankanena mathero okha ayi. Ankayambira pachiyambi, ngakhale tonse tidawerenga kale, ndipo tinkamulola chifukwa m'kamwa mwake nkhani inkakoma kuposa m'buku. Zigawenga za ku Miami zinkayankhula Chichewa cha pa Ndirande. Bwana wa apolisi ankatukwana ngati kondakitala wa basi. Mfuti ikalira iye ankamenya chitsulo cha bedi, ndipo akafika pa mkazi wachinyengo ankasintha mawu n'kumayankhula monyengerera, chipinda chonse n'kufa nacho chiseko mpaka pulifekiti kudzatiopseza. Nthawi zina wina amene adawerengapo buku lomwelo kwawo ankadzuka n'kutsutsa kuti, "Bodza iwe, sizidathe choncho!" Mkangano wake unkatha sabata, popeza umboni udapita kale ndi utsi wa alonda. Patapita zaka ndidadzamva kuti Chase anali Mngelezi, dzina lake lenileni René Raymond, ndipo America wa m'mabuku akewo ankamulemba makamaka podalira mapu ndi dikishonale ya chiyankhulo cha m'misewu ya kumeneko. Ndiye kuti iye ankapeka dziko limene sankalidziwa bwino, mnzathu wa ku Mulanje n'kudzalipekanso kachiwiri, ife n'kumakhulupirira onse awiri.

Zimene tinkakambirana sizinali za luso la kalembedwe. Tinkaweruza anthu a m'nkhani ngati tili pa bwalo la amfumu: mkazi uja adalakwa kapena adamukakamiza ndi umphawi? Mnyamata uja akadakhala m'bale wako ukadamuulula kupolisi? Aliyense anali ndi mbali yake, ndipo aliyense anali ndi ufulu woyankhula chifukwa tonse tidadutsa m'masamba omwewo, okhala ndi dontho lomwelo la msuzi wa nyemba pa tsamba lomwelo. Milandu yonseyi inkazengedwa m'Chichewa, ngakhale mabuku anali a Chingerezi ndipo kuyankhula Chichewa pa sukulu kunali ndi chibalo chake.

Mabuku a Chichewa enieniwo ankayenda njira ina. Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe lidatuluka mu 1933, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe tinkawaona ngati katundu wa mphunzitsi, oyenera kuloweza kuti tikhoze mayeso. Koma kumudzi pa holide zinkasintha. Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, kapena Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, ndinkawawerenga mokweza pa nyali ya koloboyi, amayi akusenda mtedza. Iwo sadapite patali ndi sukulu, koma panalibe womvetsera wovuta ngati iwo. Ankandidula pakati pa chiganizo. "Taima kaye. Ameneyo akuti ndi mkazi wa mwini? Ndiye akukatani kumeneko usiku?" Ndikawayankha kuti tiyeni timve kutsogoloku, iwo ankati, "Pitiriza, koma ine ndamuona kale ameneyo." Kawirikawiri ankalondola.

Aubrey Kalitera ndiye adatidabwitsa mwa njira yake. Atatulutsa mabuku ku Kenya, adayamba kudzisindikizira yekha pansi pa dzina la Power Pen Books n'kumagulitsa yekha. Why Father Why ndi To Ndirande Mountain with Love sanali mabuku osalala, zolakwika za makina otayipira zinkaoneka, koma kuona malo amene udapondapo ndi mapazi ako atalembedwa m'novelo chinali chinthu chachilendo. Tinkakangana ngati nkhanizo zidachitikadi, ndipo sipankalephera kupezeka wina wolumbira kuti azakhali ake amamudziwa mkazi wa m'bukumo.

Panalinso mabuku amene sitinkawatchula. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mndandanda wa zoletsedwa unali wautali, Animal Farm la George Orwell lili momwemo. Legson Kayira tinkamudziwa ndi I Will Try, mbiri ya ulendo wake wapansi wofunafuna sukulu, koma za The Detainee, novelo yake ya 1974, ndidadzamva nditakula kale. Jack Mapanje atamangidwa mu 1987 n'kukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991, dzina lake linkatchulidwa chapansipansi, utayamba wayang'ana uku ndi uku. Ndimaona kuti phokoso lathu lonse lija pa Chase linali ndi chifukwa chinanso: wakuba wa ku Miami ukhoza kumuweruza mokweza popanda wina kukakunenera kwa a chipani cholamula.

Chodabwitsa n'chakuti pakamwa patatseguka, mashelefu ndiwo adayamba kuuma. Boma la chipani chimodzi litatha mu 1994, Malawi Book Service idagwa, kwacha idatsika mphamvu, ndipo masitolo otsala adadalira mabuku a sukulu ndi a tchalitchi, amene ali ndi ogula odziwika. Novelo idatsikira pansi, m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, yoyalidwa pa katoni pafupi ndi nsapato za kaunjika. National Library Service idapitiriza kubwereketsa, koma achinyamata anali atapeza kwina kopita. Kunabwera nyumba zoonetsera mavidiyo, mafilimu a ku Nigeria, kenako wailesi ya kanema ya TVM mu 1999. Ndikamva anyamata amene amaika mawu a Chichewa pa mafilimu a karate ndi a ku India, akuwonjezera nthabwala zawo pamwamba, ndimati ntchito ya mnzathu uja idapeza olowa m'malo, kungoti awa amalandirapo ndalama. Pa nthawi yomweyo Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, lotuluka mu 1992, lonena za ndende ndi nkhanza za boma la chipani chimodzi, lidalowa pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE. Zimene ife tikadanong'onezana, ana athu ankazilemba m'mayeso kuti apeze malikisi, ena akuyasamula.

Lero ndili pa gulu la pa WhatsApp la anthu okonda kuwerenga, ambiri ogwira ntchito m'tauni, ena ali ku Johannesburg ndi ku London. Mabuku alipo osawerengeka. Munthu akangotchula mutu, pasanathe mphindi wina waponya PDF yake. Mwezi uliwonse wina amafunsa kuti tikuwerenga chiyani, ndipo mayankho amagwa ngati mvula: uyu Americanah la Chimamanda Ngozi Adichie, uyu la ku Japan, uyu la momwe ungalemerere. Aliyense amajambula chikuto pafupi ndi kapu ya khofi, anzake n'kuikapo timitima. Kenako zii. Palibe mlandu woti tizenge, chifukwa palibe awiri amene ali m'buku limodzi, ndipo ukayesa kunena za mathero wina amakuletsa msanga kuti usamuonongere, iye sadafikepo. Sadzafikaponso. Buku limene palibe akulidikira kumbuyo kwako silikhala ndi changu, limangogona m'foni pamodzi ndi mazana anzake.

Sindikunena kuti kuwerenga kudatha. Stanley Onjezani Kenani adafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine kawiri, mu 2008 ndi 2012. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom n'kuyambitsa Story Club ku Lilongwe, kumene anthu amakumana maso ndi maso kukambirana zolembalemba. Koma mlembi wa kuno akasindikiza buku ndi ndalama zake, amadziwa kuti tsiku lina adzalipeza likuyenda ulere pa magulu ngati lathuli, loponyedwa ndi anthu omwe amamuyamikira kuti ndi katswiri. Ife tinkang'amba buku, inde, koma wina ankakhala ataligula.

Phokoso lenileni ndidalipeza kumene sindinkayang'anako. Mwana wa mchemwali wanga, amene amasoka zovala pa msika, adakhala nafe miyezi ingapo. Usiku uliwonse cha m'ma eyiti ankasowa mtendere, kufunafuna pamene netiweki ikugwira, kudandaula kuti bandulo yatha. Tsiku lina ndidamumva akukalipa yekha kukhitchini.

"Ukulimbana ndi ndani?"

"Amalume, inu simungamvetse. Mtsikana uyu ndi chitsiru. Mwamuna adamuthawa ali ndi pakati, lero wabwera ndi galimoto, iye akuti ndakukhululukira!"

"Mnzako wa kumsika?"

"Ayi, wa m'nkhani. Tadikirani ndimuyankhe mayi uyu, akuti mkazi azipirira."

Inali nthano yaitali ya m'Chichewa, yotuluka pa Facebook gawo limodzi tsiku lililonse. Adandipatsa foni. Pansi pa gawo la tsikulo panali anthu ochuluka zedi, onse atawerenga mawu omwewo pa ola lomwelo, akuzenga mlandu uja wa pa mabedi athu: walakwa ndani, akadakhala mwana wako ukadatani. Ena ankatukwana apongozi a m'nkhanimo ngati amawadziwa. Ena ankangolemba kuti gawo lotsatira lifulumire. Mwana wa mchemwali wangayo adandiuza kuti wofuna kudziwiratu za kutsogolo amatumiza kangachepe pa foni kwa mlembi, n'kulandira magawo asanatuluke.

Ndidawerenga magawo angapo. Zolembedwa mothamanga, Chichewa chosakanikirana ndi Chingerezi, zizindikiro za m'kalembedwe zosowa, ndipo nkhani zake zimazungulira pomwepomwepo: mwamuna wolemera, mkazi wamasiye, apongozi ankhanza, sing'anga. Koma Chase nayenso ankazungulira pa ndalama, mkazi ndi mfuti, ndipo sitinkadandaula. Chimene chili chatsopano n'chakuti mlembi ali pomwepo, akumva zonse, nkhani isanathe. Ntara adalemba Nthondo mpaka kumuika m'manda popanda kufunsa munthu. Amayi anga ankatha kukalipira munthu wa m'buku la Zingani usiku wonse, koma mawa tsamba linkakhala lomwelo. Mlembi wa pa foni alibe chitetezo chimenecho. Owerenga ndiwo amamudyetsa, ndipo akakwiya amasamukira kwa wina. Apa ndiye pamandidetsa nkhawa, chifukwa nkhani zina zimafuna kuti munthu wokondedwa afe, owerenga afune asafune.

M'nthano ya mwana wa mchemwali wangayo zidachitikadi. Mlembi adapha mlongo wake wa mtsikana uja pa ngozi ya minibasi, maliro n'kuchitika, nyimbo n'kuimbidwa. Owerenga adalusa masiku awiri, ena kulumbira kuti sadzawerenganso. Pa gawo lotsatira zidadziwika kuti m'bokosi muja munali thunthu la nthochi, mnyamatayo adamutenga m'matsenga ndi amalume ake a bizinesi ya chigayo, ndipo akumugwiritsa ntchito usiku. Ndidati uku ndi kubera. Mwana wa mchemwali wanga adati ayi, zoterezi zimachitika, ndipo kwawo kwa bambo ake zidachitikapo. Tidakangana mpaka foni yake idathima, ndipo m'mawa mwake, ndisanapite ku ntchito, ndidamufunsa ngati mnyamatayo wapezeka. Adati ayi, sing'anga wanena kuti abwere ndi mbuzi kaye.