Kutsika Thabwa: Ulendo wa Munthu Wovulala Msana

Msewu wa M1 ukatuluka mumzinda wa Blantyre kulowera kumwera, suchedwa kuyamba kutsetsereka. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okafika ku Chikwawa, munthu amatsika kuchoka pamalo okwera mamita 1,000 kufika m'chigwa cha Shire. Msewuwo ndi wokhotakhota, fungo la mabuleki a malole limamveka ponseponse, ndipo pofika pa Thabwa kamphepo kayeziyezi ka ku Blantyre kamakhala katasanduka chifundizi.

Apaulendo ambiri amangosirira chigwacho ndi mtsinje wonyezimira chapatali. Koma msewu womwewu ndi njira yobwerera kwawo ya anthu a kuchigwa amene agonekedwa miyezi ingapo ku Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, atavulala mtsempha wa m'fupa la msana. Malowa anakhazikitsidwa ndi bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 pothandiza olumala ndi poliyo. Ena mwa ogonekedwa kumeneko anachita ngozi ya pamsewu, ena anagwa mumtengo wa mango kapena pangolo, ena anadwala chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana. Wovulala chakumunsi kwa msana miyendo imaleka kugwira ntchito. Wovulala pakhosi, manja nawonso amafooka. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi ndidzayendanso bwanji pandekha?

Ambiri sadziwa kuti munthu amene miyendo yake siigwira ntchito angathe kuyendetsa galimoto bwinobwino, ngakhale pamtsetse ngati wa Thabwa. Galimotoyo imayenera kukhala yosintha yokha magiya, ndipo zoterezi zachuluka m'maiko athu chifukwa cha magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Pambali pa chiwongolero amamangirira chogwirira chachitsulo cholumikizidwa ku zopondera. Pa zogwirira zofala, dalaivala akakoka, galimoto imathamanga. Akakankha, mabuleki amagwira. Dzanja linalo limakhota chiwongolero pogwira kampira kozungulira komangiriridwa pamenepo. Polowa, munthuyo amatsetsereka pathabwa losalala kuchoka panjinga yake kufika pampando. Zitsulo zimenezi ziikidwe ndi mmisiri wodziwa ntchitoyi, pakuti mtedza umodzi ukamasuka pamtsetse, moyo uli pachiswe. Woyendetsayo ayambe wapimidwa ndi achipatala, aphunzire, ndipo akhale ndi laisensi monga wina aliyense.

Komabe tikawoloka mlatho wa Kamuzu pa Shire n'kupatuka kusiya tala, nkhani imasintha. Kuno ndi kwa alimi a thonje, mapira ndi mbuzi, ndipo ndi ochepa amene angaganize zogula galimoto. Choyendera chodalirika kwa wovulala msana ndi njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Chigwachi ndi chathyathyathya, choncho njinga yotere imatha kumufikitsa munthu kumsika wa Nchalo, kutchalitchi kapena kuchipatala popanda womukankha. Matayala ake ndi tcheni n'zofanana ndi za njinga wamba, kotero wokonza njinga wa pansi pa mtengo angathe kuikonza. Njinga zopepuka za m'chipatala, zokhala ndi timatayala ting'onoting'ono kutsogolo, zimatitimira mumchenga ndipo sizichedwa kuthyoka. N'chifukwa chake mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa malangizo akuti njinga iziperekedwa munthu atamuyeza, poganiziranso dera limene amakhala.

Kutentha kwa m'chigwachi nako ndi mdani. Mwezi wa Okutobala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, pamene thupi la wovulala chakumtunda kwa msana silitulutsa thukuta mokwanira. Popeza khungu silimva, mpando wotentha kapena ekizozi ya njinga yamoto ya kabaza ingamuwotche iye osadziwa. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumayambitsa zilonda za m'matako zimene zimatha kupha. Choncho paulendo uliwonse akhalire khushoni yoyenera, azidzinyamula kapena kupendekeka pakatha mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, atenge madzi akumwa, ndipo anyamuke m'mamawa dzuwa lisanakule.

Pali zina zimene mudzi wokha ungachite. Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, misewu ndi milatho yambiri ya kumwera kwa Malawi inakokoloka. Pamene woyenda pansi amangodumpha, wapanjinga amabwerera. Pokonza njira pa ntchito zachitukuko, komiti ya mudzi ikumbukire kusiya m'lifupi mokwanira njinga, kukwirira ngalande, ndi kuika potsetsereka pakhomo la sukulu, pamjigo ndi pachigayo.

Pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi inavomereza mu 2009, limanena kuti munthu ali ndi ufulu woyenda payekha pamtengo umene angakwanitse. Ufulu umenewu umaoneka pamene mlimi wovulala msana wakagulitsa yekha thonje lake, nawerenga yekha ndalama zake. Kaya ndi galimoto ya zogwirira kapena njinga yopalasa ndi manja, chofunika n'chakuti chiwongolero chikhale m'manja mwa mwini wake ulendo.